Ndidamasula Kapulana ku Canongola

Matundo, Tete
Mwezi wa Maio

Okondedwa Mana Teresa,

Ndiyambe ndi moni kwa inu, kwa alamu anga a Edmilson ndi kwa ana onse kumeneko ku Ulongwe. Kodi muli bwanji? Mwendo uja unkakuvutani nthawi ya mvula udaleka kutupa? Ndamva kuti chisanu chayamba kale kumeneko. Kuno ayi, dzuwa likutiphikabe, ngakhale eni dziko akuti kwayamba kuzizira. Ine ndili bwino. Takondwa ali bwino, wakula, wandipitirira msinkhu. Kuchipatala ndidapitako mwezi watha, adandiyeza, akuti sakuona choipa chilichonse.

Kalatayi ndapatsira a Jailos, oyendetsa kamiyau, lole ija imene imatibweretsera kachewere kuchokera kwathu konko. Mudabwa kuti ndalemba pamanja pamene tonse tili ndi mafoni. Ndatero chifukwa pafoni simundilola kumaliza mawu. Tsiku lija mudalankhula inu nokha, mudalira, mudati ndachititsa manyazi banja lonse, kenako mudadula. Pepala lilibe podulira. Mukakwiya liikeni pansi, mukamwe madzi, mudzalitolenso.

Uthenga wa amalume ndaumva. Akuti ndibwere kumudzi, ndikagwade pamaso pa ankhoswe ndi pamaso pa amuna anga, ndipepese, ndilonjeze kuti za masewero ndasiya. Ndisanayankhe ndikufuna mumve nkhani yonse kuchokera pakamwa panga. Inu mwaona kachidutswa kokha pafoni, kojambulidwa ndi munthu amene sindimudziwa. Mwaona mng'ono wanu ataima pamaso pa anthu chifuwa chili pamtunda. Njira imene idandifikitsa pamenepo simudaione.

Mukukumbukira pamene adandichotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa. Mudabwera kudzandidwazika, mudagona pansi pambali pa bedi langa, mudandisambitsa ngati khanda. Zimenezo sindidzaiwala, Mana. Koma inu mutabwerera kumudzi, bala litapola, kudayamba matenda ena amene dotora sadandiuze.

A Amílcar, bambo a Takondwa, sadandimenyepo, sadanditukwanepo. Ndikunena izi kuti amalume asawaweruze pa zimene sadachite. Mankhwala ankagula, kuchipatala ankandiperekeza akakhala kuti sali paulendo ndi kamiyau yawo. Koma kuyambira tsiku limene ndidabwerera kunyumba, a Amílcar sadandiyang'anenso. Ndikamavula, iwo ankapeza chochita panja. Pogona ankatembenukira kukhoma. Mkono wanga ukawakhudza mwangozi ankasendera pang'ono, mwaulemu, ngati mmene munthu amasenderera mlendo mu chapa, minibasi za kuno.

Tsiku lina adabwera kuchokera ku Beira ndi kamisolo yokhala ndi thonje m'kati. Adandipatsa ili m'pepala, n'kunena kuti ndizivala kuti anthu asamadziwe. Ndidagwada polandira, monga adatiphunzitsira, ndipo ndidathokoza. Kenako ndidakalowa kubafa n'kukhala pansi mpaka madzi a m'ndowa adafunda okha ndi dzuwa.

Kamisolo ija inkandiwotcha pachipsera, choncho ndidayamba kungopinda kansalu n'kukaika m'kati mwa yakale. Kutentha kwa Tete mumakudziwa. Pofika masana kansalu kankanyowa, kankayabwa, kankathawira kukhwapa. Tsiku lonse pamsika dzanja limodzi linkagulitsa kachewere, lina likukonza pachifuwa.

Mikanda yanga ya m'chiuno, ija mudandimangira inu ndikulowa m'banja, ndidaidula ndi lumo n'kuitaya. Ndidati ndiivalire yani. Galasi la m'chipinda ndidapatsa Takondwa. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo. Pakamwa ndinkayamika Mulungu kuti wandisiya ndi moyo, koma mumtima ndinkamufunsa kuti wandisiya ngati chiyani.

Mwezi wa Novembro, dzuwa lili paliwombo, ndidawerama kuti ndisenzetse mayi wina thumba limene adagula. Kansalu kaja kadatulukira pakhosi pa bulauzi n'kugwera pafumbi, pakati pa ine ndi iwo. Bambo wogulitsa anyezi pafupi nane adaona, adaseka. Ndidafuna nthaka itseguke.

Mayi aja adatola kansalu, adakakung'untha, adakapinda bwinobwino n'kundipatsa m'manja ngati ndi mpango wamba. Sadanene za pepani. Adangofunsa m'Chinyungwe kuti zidachitika liti. Nditawayankha adati, “Sabadu masana mubwere ku Canongola, kuseri kwa sukulu, pamtengo wa masau. Timakumana amayi okhaokha. Palibe adzakukakamizeni kulankhula.”

Amenewo ndiwo Dona Felismina. Adali mphunzitsi, adapuma, ndipo tsopano amasonkhanitsa amayi kupanga masewero, amene kuno amati teatro. Mudati pafoni ndi mayi wosokoneza mabanja. Dikirani muwamve kaye.

Loweruka limenelo ndidapita kungofuna kuona. Ndidawoloka mlatho pa chapa, ndidasochera pang'ono, kenako ndidawapeza. Adali amayi ochepa, opanda nsapato, akuyenda mozungulira bwalo ngati ana a sukulu. Ndidatsala pang'ono kubwerera. Koma Dona Felismina adandiona, adandikodola, ndipo manyazi a kuthawa adaposa manyazi a kukhala.

Tsiku limenelo adatiuza kuti aliyense aike dzanja pamalo a thupi lake amene amadana nawo, awapatse moni ngati m'bale amene wachokera kutali. Panali Zione, wa ku Mulanje, amene amagulitsa zitenje kuno. Nkhope yake idapsa ndi mafuta oyeretsa khungu amene mwamuna wake ankamugulira. Iye adagwira masaya. Wina amene sadabalepo adagwira pamimba. Wina wonenepa kwambiri adagwira matako ake ndi manja awiri n'kuwafunsa kuti aswera bwanji, ndipo tonse tidaseka mpaka misozi. Misoziyo kwa ena sidaleke pamene kuseka kudatha.

Ine ndidagwira bondo. Palibe adanditsutsa. Padapita masabata angapo ndisanaike dzanja pamene lidayenera kukhala, ndipo nditatero mawu a moni adakana kutuluka. Zione adabwera n'kundinenera. Adati, “Mwafika bwino, achemwali. Takhala tikukudikirani.”

Sewero lathu silidachokere m'buku, Mana, ndipo silidachokere kwa azungu monga akunenera anthu kumeneko. Tidaliluka tokha kuchokera pa zimene aliyense adakumana nazo.

Sabadu lina Dona Felismina adatifunsa kuti tikatseka maso popemphera timaona yani. Tonse tidati nkhalamba ya ndevu zoyera, ija ya pazithunzi. Iwo adati timawerenga kuti munthu adaumbidwa ndi dothi, kenako adafunsa kuti kwanu amaumba mbiya ndani. Ndidayankha ndisanaganize. Ndidati akazi. Ndidaona Amayi atakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, miyendo atatambasula, dongo lili mpaka m'zigongono, akusalaza khosi la mtsuko ndi chitsononkho. Mukukumbukira mmene ankalankhulira ndi mbiya zawo, kuzinyengerera kuti zisang'aluke pamoto.

Pamenepo ndi pamene sewero lidabadwira. Akazi amwalira, ndipo akufika mmodzimmodzi pamaso pa Woumba. Woumbayo ndi amayi atatu okhala pansi pamodzi, manja ali dongo lokhalokha, olankhula ndi mawu amodzi. Mkazi aliyense akafika amayamba ndi kupepesa chifukwa cha thupi lake. Wina akuti mundikhululukire, ndabwera wosabala. Wina akuti mundikhululukire, ndidali wakuda kwambiri ndiye ndidayesa kukonza. Wina akuti mundikhululukire, ndinkamva kukoma pogona ndi mwamuna wanga ndipo adandiuza kuti mkazi wabwino satero. Woumba amamumvetsera mpaka amalize, kenako amamufunsa funso limodzi lokha: “Adakuuza ndani kuti ndidalakwitsa?”

Nyimbo tidatenga mayimbidwe a kuchinamwali, koma mawu tidaika athu. Za kutsimba sitidaulule ngakhale chimodzi. Uzani amayi akumudzi asade nkhawa pa zimenezo.

Ine adandipatsa gawo la mkazi wa bere limodzi. Tidagwirizana kuti ndikafika pamaso pa Woumba ndidzafulatira anthu, ndidzatsegula pang'ono chitenje changa, kapulana, kuti aone amayi atatu aja basi. Pokonzekera ponse tinkachita choncho. Dona Felismina sadandipemphepo kuti ndionetse anthu, ngakhale tsiku limodzi. Izi mumvetse bwino, chifukwa sindikufuna wina asenze katundu amene ndidanyamula ndekha.

Tidaonetsa sewero pa 7 de Abril, tsiku la amayi, masana, pabwalo la sukulu. Anthu adadzaza. Amayi adakhala kutsogolo ndi makapulana awo ofanana, abambo adaima kumbuyo, ena atakwera pampanda, ena atayamba kale kumwa. Zione atamaliza gawo lake amayi ambiri ankapukuta m'maso. Kenako idafika nthawi yanga.

Ndidatuluka nditamanga kapulana m'khwapa, kansalu kanga kali m'malo mwake monga masiku onse. Ndidati, “Mundikhululukire, ndabwera ndi bere limodzi.”

Bambo wina pampanda adakuwa kuti limenelo ndi bodza, onse awiri alipo, akuwaona bwinobwino. Anthu adaseka. Si abambo okha, Mana, ngakhale amayi ena adaseka.

Sindikudziwa mmene ndingakufotokozereni chimene chidandichitikira. Sudali mkwiyo pa bambo uja, iye sindikumudziwa n'komwe. Ndidangoona kuti ndabisa bwino kwambiri, mpaka choonadi changa chasanduka nthabwala. Ndidadulidwa ndi mpeni, ndidasanza miyezi yonse ija, tsitsi lidathothoka, mwamuna wanga adatembenukira kukhoma, ndipo zonsezo kansalu kamodzi kadazifafaniza.

Sindidafulatire anthu. Ndidawayang'ana. Ndidatulutsa kansalu n'kukaponya pansi, ndidamasula kapulana n'kuimanga m'chiuno. Ndidaima choncho padzuwa.

Bwalo lonse lidati zii. Ndidamva mbuzi ikulira kutali. Kenako ndidalankhula mawu amene sadali m'sewero. Ndidati, “Onani. Ili lidayamwitsa mwana wanga. Ili lidachoka kuti ine nditsale. Dzina langa ndine Ermelinda, ndimagulitsa kachewere ku Matundo, ndipo ndidakali mkazi.”

Amayi atatu aja sadadziwe chochita, pakuti izi sitidakonzekere. Kenako wapakati adadzuka, adabwera, n'kuika dzanja lake la dongo lonyowa pachipsera penipeni. Lidali lozizira. Chichokereni m'chipatala palibe munthu adandikhudzapo pamenepo. Atatu onse adafunsa funso lija, ndipo ulendo uno silidali la sewero. Adakuuza ndani kuti ndidalakwitsa?

Mana, ine ndapemphera moyo wanga wonse, inu mukudziwa. Koma tsiku limene ndidamva kuti Mulungu wandiyang'ana osatembenuza nkhope ndi limenelo, ndili chiimire pafumbi la Canongola, dongo likuuma pachifuwa panga. Kachidutswa ka pafoni kaja sikangakuonetseni zimenezo.

Sindikunamizani kuti onse adakondwa. Amayi ena adaimba nthungululu, ena adadzuka n'kukoka ana awo kumapita. Bambo wina adalavula. Zonsezo ndidaziona.

Sewero litatha, ndikusamba m'manja kuseri kwa kalasi, padabwera mayi wachitsikana ali ndi mwana kumbuyo. Adati dzina lake ndi Ana. Adayang'ana uku ndi uku, adagwira dzanja langa n'kulilowetsa m'bulauzi mwake. Munali kachotupa kolimba ngati nthanga ya sau. Adati adakamva kalekale, asanabereke mwanayo, koma sadauze munthu chifukwa ankaopa kuti akamudula mwamuna wake amusiya. Adandifunsa ngati kudulidwa kumapweteka kwambiri. Ndidamuuza zoona, kuti kumapweteka, koma munthu amadzuka.

M'mawa mwake ndidatseka benchi langa n'kupita naye kuchipatala. Akumuyeza, zotsatira sitidamve. Mwina si kanthu, mwina ndi kanthu. Koma tsopano sakusenza yekha. Ndipo si iye yekha. Masiku ano pamsika pamabwera amayi ena, amagwiragwira kachewere osagula, kudikira kuti anthu achoke, kenako amandifunsa chapansipansi. Ine si dotora, ndimangowauza khomo loti akagogode.

Zoipa nazo zidabwera, ndipo sindikubisirani. Akuluakulu a kutchalitchi kwathu adandiitana. Adati ndanyoza Mulungu pomusandutsa mkazi wokhala pansi miyendo ili tambasu. Ndidawayankha mwaulemu kuti ine sindidamuonepo Mulungu, ndipo iwonso sadamuonepo, koma ndikudziwa kuti amene adaumba thupi la mkazi sachita nalo manyazi. Adandilanda mpango wa gulu la amayi n'kundiimitsa pa mgonero. Ndidaupinda mpangowo ndekha n'kuwapatsa. Lamulungu ndimapitabe, ndipo tsopano ndimakhala kutsogolo.

A Amílcar adaona kanema uja ali pamzere wa makamiyau pamalire ku Zóbuè. Adawaonetsa ndi madalaivala anzawo, akuseka, osadziwa kuti ndine mkazi wawo, mpaka wina adandizindikira. Ndikumvetsa kuti zidawapweteka. Atafika ku Tete sadabwere kunyumba, adapita kwa mkulu wawo ku Degue, ndipo kumeneko ndi kumene adaimbira foni amalume.

Patapita sabata adabwera masana kudzatenga zovala. Takondwa adali kusukulu. Ndidawalandira, ndidawapatsa madzi akumwa, ndidawasiya alowe kuchipinda. Akulongedza m'chikwama ndidalowa n'kutseka chitseko.

Adati, osandiyang'ana, “Tete yense waona mkazi wanga.”

Ndidati, “Inde. Mwatsala inu nokha.”

Adaima atandifulatira, malaya ali m'manja. Ndidavula bulauzi. Ndidawauza kuti ngati akuchoka achoke, sindiwagwira mwendo, koma asachoke asanaone chimene akuthawa. Ndidawauzanso chinthu chimene sindidayembekeze kuti ndingauze mwamuna maso ndi maso. Ndidati dotora adachotsa bere, sadachotse magazi. Ndidati usiku ndimawafuna monga ndinkawafunira kale, ndipo ndatopa kuchita ngati ndine mlongo wawo.

Musatseke maso powerenga, Mana. Nanunso ndinu mkazi wapabanja.

Adatembenuka. Adayang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo sidali ya kunyansidwa monga ndinkaganizira miyezi yonseyi, idali ya mantha. Adakhala pabedi n'kunena kuti tsiku limene adandiona ndikutuluka ku opaleshoni, nditatuwa, mapaipi ali m'mphuno, adaganiza kuti ndafa. Adati kuyambira pamenepo akaganiza zoyang'ana pamenepa amaona maliro anga. Adati ankaopanso kuti akandigwira andipweteka.

Ndidati, “Bwanji simudandifunse?”

Adati, “Mwamuna amafunsa bwanji zimenezo?”

Ndidatenga chala chawo n'kuchiyendetsa pachipsera. Ndidawauza kuti apa sindimva kanthu, pafa dzanzi, koma apa ndimamva, ndi apanso. Dzanja lawo litatsikira m'chiuno lidapeza mikanda yatsopano, imene Zione adandigulira n'kundimangira. Adafunsa kuti ndavalira yani. Ndidati ndavalira ine mwini, koma akafuna kuiwerenga palibe awaletse.

Ndikadakonda kukuuzani kuti adamasula chikwama. Sadatero. Adati za pabwalo zija sangazimeze, anzawo akuwaseka, ndipo ngati ndikufuna abwerere ndisiye teatro. Ndidati ndikufuna abwerere, koma teatro sindisiya, chifukwa popanda amayi aja sindikadalimba mtima kutseka chitseko chimenechi. Adanyamula chikwama n'kupita. Amaimba foni kufunsa za mwana, ndipo masiku apitawa adafunsanso za ine. Banja langa lichira kapena ayi, sindikudziwa. Koma likachira lidzachira ndili ndi nkhope, osati ndikuyang'ana msana wa munthu.

Amene ndidamupepesa ndi mmodzi yekha, Takondwa. Kusukulu anzake adamuonetsa kanema uja, adamutcha mayina. Adabwera akulira, adakhala masiku osandilankhula. Sindidapepese chifukwa cha chimene ndidachita. Ndidapepesa chifukwa adachimvera kwa anthu ena, iye asanakonzeke. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde adandifunsa mwadzidzidzi kuti, “Mayi, kodi inenso zidzandichitikira? Agogo adamwalira ndi chiyani?”

Ndidatsegula pakamwa kuti ndinene chifuwa, monga takhala tikunenera. Mawuwo adandikanika.

Mana Teresa, pafoni mudati Amayi akadakhala moyo akadafa ndi manyazi poona zimene ndachita. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo. Tiyeni tikambe za Amayi, inu ndi ine, pakuti kuyambira pamaliro sitidakambepo.

Mukukumbukira chaka chawo chomaliza. Ankavala nsalu zitatu ngakhale mwezi wotentha. Ankapita kukasamba okha anthu asanadzuke. Adasiya kuumba, akuti mkono ukuwawa. Tikawafunsa ankati ndi chifuwa chabe. Atalephera kuima tidawanyamula awiri kupita nawo kubafa, ndipo inu ndi amene mudamasula nsalu yomaliza. Tidaona tonse. Fungo lija ndimalimvabe. Amayi adatembenuzira nkhope kukhoma la udzu n'kutipempha kuti tisauze bambo, tisauze munthu.

Tidamvera. Pamaliro adalengeza kuti a Nankhoma amwalira ndi chifuwa, ife tili pamphasa, mitu ili pansi.

Sindikuwaimba mlandu, ndipo inu sindikukuimbani mlandu. Adachita zimene adaphunzitsidwa, ifenso tidachita zimene tidaphunzitsidwa. Koma musandiuze kuti manyazi akadawapha lero. Manyazi adawapha kale. Chipatala chidali pafupi, bambo akadawakweza panjinga. Chimene chidawatsekera njira ndi ulemu womwewu umene amalume akufuna kuti ndikagwadire.

Takondwa ndidamuuza zoona. Ndidamuphunzitsanso mmene adandiphunzitsira anamwino, kudzigwira yekha posamba kuti adziwe thupi lake. Adachita manyazi, adaseka, koma adamvera. Madzulo ake adandifunsa ngati angapite nane ku Canongola Sabadu lotsatira.

Tsopano yankho langa kwa amalume ndi ili, ndipo muwawerengere monga ndalembera, musafewetse.

Ndibwera. Ayale mphasa, aitane ankhoswe a mbali zonse, aitanenso a Amílcar. Za banja langa ndikamba nawo mofatsa, ndi ulemu wonse umene mwana amapereka kwa eni mbumba. Powapatsa moni ndidzagwada, pakuti ndi amalume anga. Koma kugwada kopepesa chifukwa anthu aona chipsera changa, kumeneko ayi. Sindidabe, sindidachite chigololo, sindidatukwane munthu. Ndidadwala, ndidachira, ndipo ndidakana kubisala.

Muwauzenso kuti sindibwera ndekha. Amayi ena a ku Ulongwe amene adaona kanema yemweyo adaimbira Dona Felismina kupempha kuti tikaonetse sewero kumeneko. Tavomera. Tibwera mwezi wa Agosto, anthu atamaliza kukolola. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ikusowetsani tulo, chifukwa kumeneko aliyense amatidziwa, ndipo inu ndi amene mudzatsale ndi pakamwa pa anthu ife titapita. N'chifukwa chake ndakuuzani ndekha, nthawi idakalipo.

Mufunsa ngati ndidzamasulanso kapulana pamaso pa anthu akwathu. Sindikudziwa. Kuno tachitanso seweroli kawiri, ulendo wina ndidamasula, ulendo wina ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti wosankha ndidzakhala ine. Si amalume, si a Amílcar, si Dona Felismina, si bambo wa pampanda.

Kwa inu ndili ndi mapempho awiri. Loyamba ndi lopepuka. Mudzabwere kudzaonera. Ngati simungathe kukhala kutsogolo, mudzaime kumbuyo. Ngati simungathe kubwera n'komwe, ndidzamvetsa, koma musadzatsekere ana anu aakazi m'nyumba.

Lachiwiri ndi limene landigwiritsa cholembera. Mana, inu tsopano mwafika zaka zimene Amayi adali nazo. Matendawa adagwira iwo, adagwira ine. Pamene munkandidwazika dotora adakuuzani kuti nanunso mukayezetse, inu mudaseka n'kunena kuti mulibe nthawi. Ndikafika, tisanapite kwa amalume, tisanachite china chilichonse, ndikufuna tipite awiri kuchipatala. Ndidzalowa nanu, ndidzakugwirirani nsalu. Mukhoza kundikwiyira njira yonse, kupita ndi kubwera, osandilankhula. Ndidzapirira. Koma sindidzalola kuti tsiku lina ndidzamasule nsalu yanu yomaliza kubafa n'kupeza zimene tidapeza.

Ngati mwamva kale kanthu m'thupi ndipo mwakhala chete, musadikire Agosto. Kwerani kamiyau ya a Jailos pobwerera, mudzandipeza pamsika.

Ndatumiza nsomba zouma za ku Chicoa, ndi masau a ana. M'kati mwa thumba muli kapulana ya 7 de Abril ya chaka chino, ndidagula ziwiri zofanana. Mukaona kuti simungaivale, isungeni m'sutikesi, sionongeka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana onse mmodzimmodzi, kwa azakhali, ndi kwa amalume amene, pakuti ndimawakonda ngakhale tasiyana mawu. Takondwa akuti moni kwa amayi ake aakulu, akuti mumusungire mapichesi ouma. Mukapita kumanda kukalambula, muwauze Amayi kuti ndili moyo ndipo ndikuyenda chowongoka.

Mulungu amene adatiumba tonse awiri m'mimba imodzi akusungeni mpaka tionane.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Ermelinda